SAMUEL SCHERESCHEWSKY: MYUDA AMENE ANAKHALA BISHOPU KU CHINA

Pa 15 Okotobala 1906, m'mzinda wa Tokyo ku Japan, munamwalira nkhalamba ya zaka 75 imene inakhala pampando zaka 25, yosakhoza kuyenda kapena kugwira colembera. Dzina lace linali Samuel Isaac Joseph Schereschewsky. Munthu ameneyu anabadwa Myuda m'dziko lolamulidwa ndi Russia, nabatizidwa ku America, nakhala Bishopu ku China, naikidwa m'manda ku Japan. Mpingo wa Episcopal wa ku America umkumbukira caka ndi caka pa 14 Okotobala. Ambiri amdziwa cifukwa ca Buku Lopatulika limene anamasulira m'cinenero ca anthu a ku China. Koma moyo wace ufunsanso funso lakale limene lisautsa Ayuda ndi Akristu omwe, ndilo lakuti: kodi Myuda wobvomereza kuti Yesu ndiye Mesiya akhalabe Myuda, kapena wasiya mtundu wace?

MWANA WAMASIYE

Samuel anabadwa pa 6 Meyi 1831 m'mudzi wa Tauroggen, umene lero uchedwa Tauragė, m'dziko la Lithuania. Atate ndi amai ace anamwalira iye akali wamng'ono, ndipo anakulira m'nyumba ya mkuru wace wa mimba yina, amene anali wogulitsa matabwa.

Masiku amenewo anali obvuta kwa Ayuda a m'maiko a Russia. Lamulo silinawalole kukhala pali ponse, koma m'zigawo za kumadzulo zokha zimene boma linawaikira. M'caka ca 1827 mfumu yaikuru Nicholas I inalamula kuti Ayuda apereke ana ao ku nchito ya usilikari. Anyamata anali kutengedwa kuyambira a zaka 12, ndipo atakula anayenera kutumikira zaka 25. Kumeneko akuru a nkhondo anali kuwakakamiza ndi njala ndi zikoti kuti abatizidwe. Cotero mwana Waciyuda pomva dzina la Kristu sanali kuganiza za cikondi ai, koma za asilikari olanda ana m'manja mwa amao, ndi za anansi amene anali kuponya miyala pa nyumba za Ayuda m'nyengo ya Paskha.

M'nyumba Samuel anali kulankhula cinenero ca Yiddish, ndico cinenero ca Ayuda a m'maiko amenewo. Kusukulu anaphunzira Cihebri monga anacitira ana onse amuna Aciyuda, kuyambira ali aang'ono ndithu. Anawerenga mabuku asanu a Mose pamodzi ndi matanthauzo a Rashi, mphunzitsi wochuka wa ku France amene anakhala ndi moyo kuyambira 1040 kufikira 1105. Anaphunziranso Talmud, ndiwo mabuku akuru osunga ziweruzo ndi makambirano a arabi akale. Abale ace poona kuti mwanayo ali ndi mutu wakuthwa, anafuna kuti adzakhale rabi, ndiye mphunzitsi ndi woweruza wa cilamulo pakati pa Ayuda.

Pamene anafika zaka 15 anacoka kwa mkuru wace, nayamba kudzisamala yekha. Anali kuphunzitsa ana a anthu ena, ndiponso anadziwa nchito yoika magalasi m'mazenera. Ndi ndalama zocepa zimenezo anafika ku sukulu ya arabi ya ku Zhitomir, m'dziko la Ukraine.

BUKU LIMENE LINAMSAUTSA

Ku Zhitomir mnzace wina anampatsa Cipangano Catsopano colembedwa m'Cihebri. Bukulo linasindikizidwa ndi bungwe la ku London limene linayamba m'caka ca 1809 ndi colinga cakulalikira Uthenga Wabwino kwa Ayuda. Samuel analiwerenga mwakacetecete. Anapeza kuti buku limene iye analiyesa la adani a mtundu wace linali lodzala ndi maina, miyambo ndi mapemphero a kwao. Yesu anadulidwa tsiku lacisanu ndi citatu, anali kulowa m'sunagoge tsiku la Sabata, nadya Paskha ku Yerusalemu. Petro, Yohane, Yakobo ndi Paulo onsewo anali Ayuda. Pang'ono pang'ono mnyamatayo anayamba kukhulupirira kuti malonjezano a aneneri anakwaniridwa mwa Yesu wa ku Nazarete.

Kuyenera kuti wowerenga adziwe cifukwa cace Ayuda ambiri, kuyambira kale kufikira lero, sabvomereza cimene Samuel anabvomereza. Si cifukwa cosadziwa Malembo ai, pakuti awadziwa bwino ndi kuwakonda. Iwo awerenga mwa Yesaya ndi mwa Mika kuti m'masiku a Mesiya nkhondo zidzatha, Israyeli wobalalika adzasonkhanitsidwa, ndipo mitundu yonse idzadziwa Mulungu mmodzi. Tsono poona kuti nkhondo zilipobe, ati Mesiya sanafike. Ndiponso m'mawa ndi madzulo Myuda wopembedza abvomereza umodzi wa Mulungu monga mwalembedwa pa Deuteronomo 6, ndipo kwa iye kuchula munthu Mwana wa Mulungu kumveka ngati kuphwanya cibvomerezo cimeneco. Mutu 53 wa Yesaya, umene Akristu aonamo Kristu wozunzika, Rashi anautanthauzira kuti unena za mtundu wa Israyeli wozunzika pakati pa amitundu.

Akristu ayankha kuti Mesiya anayenera kuyamba wamva zowawa cifukwa ca macimo, monga aonera pa Yesaya 53 ndi pa Salmo 22, ndi kuti mtendere wolonjezedwa udzakwanira pa kubweranso kwace. Samuel anadziwa matanthauzo onse awiri, naima pakati pao zaka zingapo. Anadziwanso mtengo wace wa cikhulupiriro cimeneci. M'midzi ya kwao Myuda wobatizidwa anayesedwa wopereka abale ace, ndipo mabanja ena anali kumlira maliro ngati wakufa.

Ali ndi zaka 19 anamuka ku Germany. Anakhala ku Frankfurt caka cimodzi kapena kuposerapo, naphunziranso zaka ziwiri pa sukulu yaikuru ya ku Breslau. Kumeneko anadziwa Cijeremani ngati mbadwa. Koma za cikhulupiriro cace sanaulule poyera.

PASKHA WA CAKA CA 1855

M'caka ca 1854 anaoloka nyanja kumka ku New York, monga anacitira Ayuda ambiri ofuna ufulu. Kumeneko anapeza kagulu ka Ayuda okhulupirira Yesu, napalana nao ubwenzi. M'mwezi wa Epulo 1855 anthu amenewa anamuitana kuti adye nao Paskha. Anadya monga mwa mwambo wa makolo ao, ndi mkate wopanda cotupitsa ndi ndiwo zowawa, nakumbukira kuturuka kwa Israyeli m'Aigupto. Atatha kudya, yense anaimirira nanena za cikhulupiriro cace mwa Yesu. Samuel anakhala cete, mutu uli m'manja, thupi likunthunthumira. Potsiriza anaimirira, nanena kuti sadzamkananso Ambuye wace, koma adzamtsata ngakhale kutero kumturutse pakati pa anthu a mtundu wace. Mau ace anatsamira pa Ahebri 13, kalata yolembedwa kwa Ayuda ena amene anakomana ndi mayesero omwewo.

Cinthu ici ndi coyenera kucisunga: Samuel sanabvomereze Kristu m'chalichi ca amitundu, koma pa cakudya copatulika ca Ayuda, pakati pa Ayuda anzace. M'mtima mwace sanaone kuti alikusiya Mulungu wa Abrahamu ndi kutsata mulungu wina. Anaona kuti wapeza Iye amene makolo ace anamdikira.

Caka comweco anabatizidwa mwa kumizidwa m'madzi ndi mbusa wa Baptist. Pambuyo pace analowa sukulu ya ubusa ya Presbyterian ku Allegheny, m'cigawo ca Pennsylvania, kumene analembetsa maina ace atatu oyamba okha, osachula dzina la banja. Atakhalako zaka ziwiri ndi miyezi ina, analowa Mpingo wa Episcopal, ndiwo Mpingo wa Anglican wa ku America, napitiriza maphunziro pa General Theological Seminary ku New York. Mphunzitsi wa Cihebri pa sukulu imeneyo, Samuel Turner, anakhala bwenzi lace ndi phungu wace. Dzina la banja lija analitenganso, ndipo ndilo dzina limene adziwika nalo kufikira lero.

ULENDO WA KU CHINA

M'masiku amenewo Bishopu William Boone wa ku Shanghai anali kufuna anchito a ku China. Samuel anadzipereka asanatsirize maphunziro ace, ndipo cimene cinali mumtima mwace ndico kumasulira Malembo. M'mwezi wa Julayi 1859 anadzozedwa udikoni, nakwera combo ca matanga cochedwa Golden Rule pamodzi ndi Bishopuyo. Ulendo unatha miyezi isanu, nafika ku Shanghai pa 21 Disembala 1859. Miyezi yonseyo ya panyanja anaitha pophunzira cinenero ca ku China.

Cinenero cimeneci ndi cobvuta ndithu. Sicilembedwa ndi zilembo zowerengeka monga Cinyanja kapena Cihebri, koma liu liri lonse liri ndi cizindikiro cace cace, ndipo wofuna kuwerenga mabuku ayenera kuloweza zizindikiro zikwi zingapo. Ndiponso liu limodzi lisintha tanthauzo monga mwa kukweza kapena kutsitsa kwa mau. Koma mnyamata amene anazolowera kukhala tsiku lonse pa Talmud sanaope nchito yotere. Pa 28 Okotobala 1860 anadzozedwa unsembe, ndipo m'caka ca 1862 anatumidwa ku Peking, mzinda wa mfumu, umene lero ulembedwa Beijing. Anakhalako kufikira 1875.

NCHITO YA KU PEKING

Mabaibulo amene analipo kale ku China analembedwa m'cinenero ca m'mabuku, cochedwa Wenli, cimene ophunzira okha anali kucimva. Mlimi ndi mai wa pamudzi sanapindule naco. Tsono amishoni asanu a mipingo yosiyana anagwirizana kumasulira Cipangano Catsopano m'Mandarin, ndico cinenero colankhulidwa ndi anthu wamba a kumpoto ndi a pakati pa dzikolo. Iwo anali John Burdon, Joseph Edkins, William Martin, Henry Blodget ndi Schereschewsky. Nchito yao inasindikizidwa m'caka ca 1872. Caka comweco Schereschewsky ndi Burdon anaturutsanso buku la mapemphero la Anglican m'Mandarin.

Koma Cipangano Cakale anzace anacisiya m'manja mwace yekha, popeza panalibe wina wodziwa Cihebri monga iye. Apa ndi pamene ubwana wace wa ku Tauroggen unabala zipatso. Amishoni ena anaphunzira Cihebri atakula, ndi mabuku otanthauzira mau pambali. Iye anayamwa Cihebri ali mwana, ndipo mitu yambiri anaidziwa pamtima. Pokomana ndi liu lobvuta anakumbukira m'mene Rashi ndi aphunzitsi ena Aciyuda analimasulira. Mai wina wophunzira wa ku Yerusalemu, Irene Eber, amene anasindikiza buku la moyo wace m'caka ca 1999, anasonyeza kuti m'malo ambiri kamasuliridwe kace katsata matanthauzo a arabi. Cotero nzeru ya m'sunagoge inalowa m'nyumba za Akristu a ku China iwo osadziwa. Cipangano Cakale cimeneci cinaturuka m'caka ca 1874, ndipo cinawerengedwa m'mipingo yambiri zaka zoposa 40, kufikira Baibulo logwirizana la 1919, limene omasulira ace anatsamira kwambiri pa nchito yace.

Panali mkangano waukuru pakati pa amishoni wa dzina loyenera kuchula nalo Mulungu. Ena anafuna Shangdi, dzina lakale la wolamulira wa kumwamba. Ena anafuna Shen, liu lonena mizimu ndi milungu yonse. Schereschewsky, amene analeredwa m'mantha akuru a kusakaniza Mulungu mmodzi ndi mafano, anakonda dzina lakuti Tianzhu, ndiko kunena Mwini Kumwamba, limene Akatolika anali kuligwiritsa nchito kale.

M'caka ca 1867 anayenda ulendo wokaona abale ace. M'mzinda wa Kaifeng munali Ayuda amene makolo ao anafika ku China zaka mazana ambiri zapitazo, namanga sunagoge m'caka ca 1163. Koma iye anapeza sunagoge atapasuka, rabi wotsiriza atamwalira kale, ndipo panalibe mmodzi wokhoza kuwerenga Cihebri. Anthuwo anali osauka, ndipo m'mabvalidwe ndi m'makhalidwe sanasiyane ndi anansi ao. Atakhalako masabata owerengeka, khamu la anthu a mumzindamo linamthamangitsa cifukwa anali mlendo. Anabwerera ataona ndi maso ace cimene cicitikira mtundu wotaya cinenero ca Malembo ace.

Kuciyambi kwa 1868 anamva kuti ku Shanghai kwafika mphunzitsi wamkazi wa mishoni, Susan Mary Waring wa ku Brooklyn. Inali nyengo ya cisanu, madzi a kumpoto ataundana, ndipo zombo sizinali kuyenda. Iye sanadikire, koma ananyamuka ulendo wa pamtunda wa mamailosi ngati 700, mbali yaikuru wapansi. Anakwatirana pa 21 Epulo 1868. Mulungu anawapatsa ana awiri, Joseph ndi Caroline.

UBISHOPU NDI NTHENDA

M'caka ca 1875, ali pa chuti ku America, Mpingo unamsankha kuti akhale Bishopu wa ku Shanghai. Iye anakana, pakuti anadziwa kuti mphatso yace inali ya mabuku, si ya kuweruza milandu ya mishoni ai. Caka cotsatira anamsankhanso, ndipo anabvomera. Anapatulidwa pa 31 Okotobala 1877 m'chalichi ca Grace ku New York. Sanali Myuda woyamba kulandira udindo wotere m'Mpingo wa Anglican, pakuti m'caka ca 1841 Michael Solomon Alexander, amene kale anali rabi, anapatulidwa kukhala Bishopu wa ku Yerusalemu.

Bishopu watsopanoyo anakhulupirira kuti Mpingo wa ku China sudzakhazikika ndi alendo okha, koma ndi abusa ndi aphunzitsi a m'dziko momwemo. Cifukwa cace anapempha ndalama ku America, ndipo m'caka ca 1879 anatsegula sukulu ya St John's pafupi ndi Shanghai. Sukuluyo inakula nikhala imodzi ya sukulu zazikuru zochuka za ku China, kufikira boma la Cikomyunizimu linaitseka m'caka ca 1952.

M'mwezi wa Ogasiti 1881, ali ku Wuchang m'nyengo yotentha kopambana, anadwala mwadzidzidzi. Madokotala a masiku amenewo anati walasidwa ndi dzuwa. Malungo atatha, anapezeka kuti miyendo ndi manja zafa, ndipo lilime linalemera kotero kuti alendo anabvutika kumva mau ace. Nzeru zokha zinatsala zamphumphu. Anali ndi zaka 50. Mkazi wace anamtengera ku Geneva m'dziko la Switzerland, kumene anakhala zaka zinai kufuna mankhwala, koma sanacire. M'caka ca 1883 anatula pansi ubishopu, kuti nkhosa zingakhale zopanda mbusa woyenda pakati pao. M'caka ca 1886 banja lonse linabwerera ku America, liri losauka.

CALA CIMODZI

Anthu ambiri anayesa kuti nchito ya munthuyu yatha. Iye sanayese comweco. Anafuna kukonzanso Cipangano Cakale ca m'Mandarin, ndiponso kumasulira Buku Lopatulika lonse m'Wenli wopepuka. Cifukwa cace ndi ici: anthu a ku China alankhula mosiyanasiyana, kotero kuti wa kumwera samvana ndi wa kumpoto, koma cinenero ca m'mabuku ndi cimodzi m'dziko lonse. Baibulo la m'Wenli wosabvuta likanawerengedwa ndi munthu ali yense wodziwa zizindikiro, kuli konse akhala.

Colembera sanakhoze kucigwira, ndipo ku America kunalibe mlembi wa ku China womthandiza. Tsono anapeza makina olembera a taipi. Cala cimodzi ca dzanja lace cinali ndi mphamvu pang'ono, ndipo ndi cala cimeneco anagogoda cilembo cimodzi cimodzi. Cala cikalema, anali kufumbata kamtengo m'dzanja ndi kukanikiza nako. Popeza makinawo analibe zizindikiro za ku China, analemba mau onse monga amvekera, m'zilembo za Ciroma. M'mawa anali kumnyamula ndi kumkhazika pampando, nagwira nchito maora ngati 8 tsiku liri lonse. Anatero caka ndi caka, kufikira masamba anapitirira 2,000. Ndico cifukwa cace Baibulo limeneli lichedwa ndi ena Baibulo la cala cimodzi, ndi ena Baibulo la zala ziwiri.

Akuru akale anati cala cimodzi siciswa nsabwe. Poyamba munthu angayese kuti Bishopuyu anautsutsa mwambiwo, koma kunena zoona anautsimikiza. Pambuyo pa cala cimeneco panali mkazi wace Susan, amene anamsambitsa, namdyetsa, namlembera makalata, namwerengera mabuku zaka 25. Panalinso alembi a ku China. M'caka ca 1895 Mpingo unamlola kubwerera ku Shanghai, kumene alembiwo anasandutsa masamba onse aja kukhala zizindikiro za kwao, nakonza pamodzi naye mau osamveka bwino. Mmodzi wa iwo, Lian Yinghuang, anamtsata kufikira ku Japan. Pakuti m'caka ca 1897 anasamukira ku Tokyo, kumene bungwe la Baibulo la ku America linali kusindikiza mabuku ace. Cipangano Cakale cokonzedwanso cinaturuka m'caka ca 1899, ndipo Buku Lopatulika lonse la m'Wenli wopepuka linaturuka m'caka ca 1902.

M'zaka zace zotsiriza anauza mlendo wina wodzamuona kuti kukhala pampando zaka zoposa 20 kunamuwawa poyamba, koma pambuyo pace anazindikira kuti Mulungu anadziwa bwino koposa, namsungira nchito imene inamuyenera. Sanaleke kugwira nchito. Anali kukonza Mabaibulo okhala ndi mavesi olozerana m'mphepete kufikira masiku ace otsiriza. Anamuika m'manda a Aoyama ku Tokyo, ndipo mkazi wace, amene anamwalira m'caka ca 1909, anaikidwa pambali pace.

KODI ANALEKA KUKHALA MYUDA?

Funso ili liyankhidwa mosiyana. Cilamulo ca arabi citi wobadwa kwa mai Waciyuda akhala Myuda kufikira imfa, ngakhale atacimwa kotani. Koma wobatizidwa samuwerengera pakati pa opembedza a m'sunagoge, ndipo Ayuda a magulu onse agwirizana kuti cikhulupiriro ca mwa Yesu si Ciyuda. M'caka ca 1962 bwalo lalikuru la milandu la dziko la Israel linaweruza mlandu wa Oswald Rufeisen, Myuda wa ku Poland amene anakhala wansembe wa Katolika, ndipo linagamula kuti sangalandire ufulu umene lamulo lipatsa Myuda wobwerera ku dziko la makolo. Komabe alipo Ayuda, ku Israel, ku America ndi kwina, amene abvomereza Yesu nasunga Sabata ndi Paskha, nanena kuti sanasiye mtundu wao.

Schereschewsky sanakhale monga amenewa m'zonse. Analowa mpingo wa amitundu, nakwatira mkazi wa amitundu, natumikira anthu a ku China. Koma sanabise kumene anacokera, ndipo anzace onse anamdziwa kuti ndi Myuda. Mphatso yaikuru imene anapatsa Mpingo inacokera ku sukulu ya arabi. Akadataya Cihebri ca ubwana wace pa tsiku la ubatizo, ngati cobvala cakutha, anthu a ku China akadadikira zaka zambiri asanamve Mose ndi aneneri m'cinenero ca pamudzi.

M'masiku a atumwi funso linali lotembenuka. Okhulupirira oyamba onse anali Ayuda, ndipo cimene anakangana pa msonkhano wa ku Yerusalemu, wolembedwa pa Macitidwe 15, ndico ngati munthu wa mtundu wina angakhale wa Kristu wosayamba wasanduka Myuda. Anagamula kuti angathe. Pa cigamulo cimeneco paima Mkristu ali yense wa m'Afrika, pakuti Mcewa, Mnsenga kapena Mngoni abatizidwa wosaleka kukhala mwana wa mtundu wace. Koma amitundu atacuruka mu Mpingo anaiwala cifundo cimene anacitiridwa, nayamba kuuza Myuda kuti iye ndiye ayenera kusiya zonse za kwao. Anaiwala cenjezo la Paulo pa Aroma 11, pamene afanizira Israyeli ndi mtengo wa azitona, ndi amitundu ndi nthambi za kuthengo zolumikizidwa pa mtengowo, zimene siziyenera kudzikuza pa muzu wozinyamula.

Kuiwala kumeneku kunabala zoipa zazikuru. M'caka ca 1941 Ayuda a ku Tauroggen, mudzi wobadwira Bishopuyu, anaphedwa ndi Anazi a ku Germany pamodzi ndi owathandiza a m'dzikomo. Pa nkhondo imeneyo Ayuda ngati 6,000,000 anaonongedwa m'maiko amene anthu ace ambiri anali obatizidwa. Kuyambira pamenepo mipingo yambiri yabvomereza poyera kuti kunyoza Ayuda kumene kunamveka m'maulaliki zaka mazana ambiri kunali chimo.

Cotero mbiri ya Samuel Schereschewsky isiyira wowerenga zinthu zitatu. Coyamba, Mkristu asachule dzina la Myuda monyoza, pakuti Ambuye wace, atumwi, ndi Malembo amene awerenga tsiku la Mulungu anadza mwa mtundu umenewo. Ndipo Myuda wosabvomereza Yesu akhalabe mnansi woyenera ulemu. Caciwiri, cimene munthu anaphunzira pa maondo a makolo ace, cikakhala coona, Mulungu sacitaya, koma acipatula ndi kucigwiritsa nchito. Cacitatu cinena kwa odwala, okalamba ndi opunduka a m'midzi, amene ayesa kuti alibenso gawo m'nchito ya Mpingo. Munthu uyu anatsala ndi cala cimodzi, ndi mkazi wokhulupirika, ndi abwenzi owerengeka, ndipo ndi zimenezo anatsiriza nchito imene anaitanidwira.